Ntchito yolondera zinyama ikatha: mafunso a omvera

MUULUTSI:  Lero tili ndi mlangizi wa malamulo a ntchito. Bambo, kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Macanga. Akuti: "Amuna anga alondera zinyama kutchire zaka 8. Mwezi watha anawauza kuti ndalama za pulojekiti zatha, atule yunifolomu. Tili ndi ana awiri ku sekondale, ngongole ya feteleza nayo ikutidikira. Kodi boma lingachotse munthu chimanjamanja chonchi?"

MLANGIZI: Pepani kwambiri mayi. Koma tisanaloze boma chala, katulutseni pepala limene bambowo anasaina polowa ntchito. Kumalo osungira zinyama, monga ku paki ya Mágoè imene inakhazikitsidwa mu 2013, kapena ku Tchuma Tchato kumene kunayamba mu 1994, anthu amayendera limodzi m'tchire koma owalipira ndi osiyana. Ena ndi ogwira ntchito m'boma enieni. Amenewa sachotsedwa chifukwa choti pulojekiti yatha, ndipo akalakwiridwa dandaulo lawo limapita ku khoti la Tribunal Administrativo. Ena analembedwa pa kontrato ndi mabungwe othandiza boma. Mmene mwalembera, bambowo ali m'gulu lachiwirili, ndipo lamulo lawo ndi Lei do Trabalho, nambala 13 ya 2023.

Lamuloli likuti bwana akathetsa ntchito chifukwa cha kusowa ndalama, apereke kalata masiku 30 ntchito isanathe. Kwa munthu wa malipiro apansi, chipukuta misozi ndi malipiro a masiku 30 pa chaka chilichonse chimene wagwira. Zaka 8, ndiye malipiro a miyezi 8. Mwina akuuzani kuti kontrato inali ya nthawi yochepa ndipo yangofika pamapeto. Musagonje msanga. Kawirikawiri kontrato yotero sipitirira zaka 2, ndipo imawonjezedwa kawiri kokha. Zikapyola apo, lamulo limamuwerenga munthuyo ngati wokhazikika.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi kuzengereza. Muli ndi miyezi 6 yokha yoti mukadandaule. Anthu athu amati tidikire mwina aitanidwanso, tiyambe tathyola fodya, kenaka nthawi n'kutha. Pitani ku ofesi ya IPAJ, amathandiza osauka pa milandu osalipiritsa, ndipo akulozerani kwa amkhalapakati a COMAL ku Tete. Pepala lililonse lonena kuti mwalandira zonse musalisaine musanaliwerengetse kwa wodziwa Chipwitikizi bwino.

MUULUTSI: Yachiwiri ndi ya bambo wa ku Tsangano. Akuti: "Nanenso ntchito yomweyi inandithera. Ankandidula ndalama za INSS mwezi ndi mwezi, kodi zinapita kuti? Chinanso, kumudzi kuno ndikusowa pogwira. Anthu amandiseka kuti uja ankagwira anzake lero wagwidwa ndi njala. Anyamata ena andiuza kuti ndiwaperekeze kokasaka, poti njira za nyama ndikuzidziwa."

MLANGIZI: Achimwene, ndiyambe ndi za anyamatawo. Akaneni lero lomwe. Lamulo la nambala 5 la 2017 limapereka zaka 12 mpaka 16 kundende kwa wopha nyama yotetezedwa, ndipo silisiya kunja wothandizira. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti msampha ukapezeka, woyamba kumuganizira ndi amene ankadziwa nthawi imene alonda amadutsa.

Za kusekedwazo ndazimva, ndipo n'zowawa. Mphunzitsi ntchito ikamuthera amabwerera kumudzi kwa anthu amene anawaphunzitsira ana. Mlonda wa zinyama amabwerera kwa anthu amene anawalanda misampha, nkhwangwa ndi matumba a makala. Wayenda usiku, wagona pamvula, wakumana ndi njovu ndi anthu a mfuti, lero alibe ndi wom'bwereka khasu. Abambo ambiri zikatere amadzitsekera m'nyumba kapena amakagwera m'kachasu, mkwiyo n'kumathera pa mkazi ndi ana. Musadzisungire mumtima. Mayi akunyumba auzeni zoona za ndalama zimene zatsala, mukhale pansi muone chofunika kuyamba. Ngati tulo sitikubwera, kapena mukuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala, si zamanyazi ayi.

Tsopano za INSS, bungwe losunga ndalama za penshoni. Ndalamazo sizinatayike, malinga bwana ankakaperekadi. Inu ankakudulani 3 pa 100 iliyonse, iye n'kuwonjezera 4. Kapempheni chikalata choonetsa miyezi imene inalowa, chifukwa alipo mabwana amene amadula koma osapereka. Ndisakunamizeni, INSS silipira munthu chifukwa choti ntchito yatha. Penshoni ya ukalamba imabwera pa zaka 60 kwa abambo, 55 kwa amayi, mutasonkha miyezi 240. Koma mukhoza kupempha kuti muzipitiriza kusonkha nokha, ngakhale ndi ndalama za mbatata ya kachewere imene Tsangano amatchuka nayo. Katapila yekha ayi, amadya ndi munda womwe.

MUULUTSI: Mnyamata wina watumiza uthenga pafoni, akufunsa ngati izi n'zakuno kokha.

MLANGIZI: Ayi. Mu Febuluwale 2025 boma la America linachotsa anthu pafupifupi 1,000 ogwira ntchito m'mapaki ake, ndipo mu Malichi khoti linalamula kuti abwezeretsedwe. Chaka chomwecho linaimitsa thandizo la USAID, zimene zinathetsa ntchito zambiri m'mapulojekiti kuno ku Mozambique. Anzathu a ku America aja anathandizika chifukwa nkhani yawo inafika kukhoti msanga.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, bambo. Mawu otsiriza?

MLANGIZI: Mayi a ku Macanga, werengani miyezi 6 kuyambira tsiku limene ntchito inatha. Tengani kontrato, mapepala a malipiro ndi khadi la INSS, mupite ku IPAJ sabata ino.