MANYOWA NDI KABONI WA M'NTHAKA: ZIMENE MLANGIZI AYENERA KUDZIWA

Dothi likamaoneka lodera ndi lofewa, alimi amati lili ndi chajira. Chimene chimaderetsa dothi chotero ndi zoolerana za zomera ndi ndowe, ndipo kupitirira theka la kulemera kwake ndi kaboni. Nthaka imene ili ndi kaboni wokwanira imasunga chinyontho, simakokoloka msanga ndiponso imathandiza feteleza kugwira bwino ntchito.

Vuto lathu kuno kotentha ndi lakuti kaboniyu sakhalitsa. Mvula ikangoyamba, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya manyowa mofulumira, ndipo gawo lalikulu la kaboni limauluka ngati mpweya. Chiswe nacho chimatenga mbali yake. Wotsala m'nthaka ndi wochepa chabe.

Umboni wake ulipo. Ku Kabete, pafupi ndi Nairobi m'dziko la Kenya, munda wa kafukufuku wa chimanga ndi nyemba unayamba mu 1976. Patapita zaka 18, kaboni anali atachepa m'zigawo zonse, ngakhale m'mene ankathira matani 10 a manyowa pa hekitala chaka chilichonse. Kusiyana kwake n'kwakuti m'chigawo chimene anaphatikiza manyowa, feteleza ndi kubwezera mapesi, kaboni anatayika pang'ono kusiyana ndi kwina konse. Choncho pa munda wolimidwa chaka ndi chaka, manyowa kawirikawiri amangochepetsa kuguga kwa nthaka. Musalonjeze mlimi kuti ngolo zingapo za ndowe zibwezeretsa chajira cha mphanje m'chaka chimodzi.

Mtundu wa dothi

Pa katondo ndi makande, tinthu ting'onoting'ono ta dongo timakanirira zoolerana ndi kuziteteza kuti zisadyedwe msanga. Pa mchenga chitetezo chimenechi palibe, ndipo manyowa amatha ngati mchere m'madzi. Mlimi wa pa mchenga athire manyowa m'phando kapena m'mzere wa mbewu chaka chilichonse, asamwaze ochepawo munda wonse.

Mtundu wa chothiracho

Si zonse zimene zimagwira ntchito mofanana. Masamba anthete okhala ndi nayitirojeni wambiri, monga a deliya, amaola m'masabata ochepa. Amadyetsa mbewu ya chaka chomwecho koma amasiya kaboni wochepa. Mapesi a chimanga ali ndi kaboni wambiri koma nayitirojeni wochepa, ndipo akakwiriridwa okha chimanga chimachita chikasu kumayambiriro, chifukwa tizilombo tija timalanda nayitirojeni wa m'nthaka kuti tiwaoletse. Mlimi akaona zimenezi amabwerera ku moto, ndipo sitingamudzudzule ngati sitinamuchenjeze. Mulangizeni kuphatikiza mapesi ndi masangwi a mtedza, ndowe kapena feteleza pang'ono. Ndowe za m'khola ndi kompositi wakupsa bwino ndiye amasiya kaboni wokhalitsa.

Mizu isaiwalike. Ku Makoka, m'boma la Zomba, kumene gilisidiya anabzalidwa pamodzi ndi chimanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthaka inapezeka ndi kaboni wambiri kuposa ya chimanga chokha. Masamba odulidwa anathandiza, komanso mizu ya mitengo imene imafika pansi pamene khasu silifika. Nandolo amachita zofananako, ndipo ndiwo zimapezeka pomwepo.

Poyeza dothi, tengani pa malo omwewo, kuya komweko, nyengo yomweyo. Kusintha kwa kaboni kumatenga zaka zingapo kuti kuoneke pa zotsatira za ku labotale, choncho lembani m'kaundula chimene chinathiridwa, kuchuluka kwake ndi chaka chake.