Kugula masheya kapena kukongoza kampani

Tsekani mabuku, ana anga. Dzulo mmodzi wa inu anandifunsa za bambo ake a ku Chawama, amene anatapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni ku NAPSA lamulo litalola mu 2023. Akuti aike kuti zotsala pa ndalama anatapazo: m'thumba la masheya a migodi, kapena la mabondi a makampani?

Thumba lotere lili ngati chilimba cha amayi anu. Anthu ambiri amasonkha, koma m'malo molandira mosinthana, ndalamazo zimapita kwa woyang'anira amene amagula nazo masheya kapena mabondi, iye nkudulapo malipiro ake.

Thumba loyamba limagula masheya a mtundu umodzi wokha, tinene a migodi ya mkuwa. Mukaikamo ndalama, mwasanduka eni ake a kachigawo ka migodiyo, ndipo palibe amene wakulonjezani kanthu. Taonani mayi wogulitsa matimati okhaokha pa msika wa Soweto. Akasowa m'tauni, chikwama chimadzaza. Magalimoto akabwera nawo ambiri, mabokosi amaolera pamaso pake, alibe anyezi kapena kapenta woti amupulumutse. Mkuwa umachitanso chimodzimodzi. Kuchiyambi kwa 2016 tani imodzi inatsika pansi pa madola 5,000, kampani ya migodi ya Mopani itachotsa kale anthu zikwi pa ntchito. Mu 2024 inapitirira madola 10,000. Woleza mtima anakolola, koma amene anafuna ndalama zake mu 2016 anagulitsa akulira.

Thumba lachiwiri limakongoza makampani. Bondi ndi pepala la ngongole: kampani ikulonjeza chiwongoladzanja chodziwika ndi tsiku lobweza. Mu 2023 CEC Renewables inagulitsa bondi yotere, yolembedwa pa Lusaka Securities Exchange, kuti imange magetsi a dzuwa ku Kitwe. Kampani ikagwa, okongoza amalipidwa eni masheya asanalandire kalikonse.

Musaganize kuti pamenepa palibe minga. Wokongola akhoza kulephera kubweza; boma lathu lomwe linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond mu Novembala 2020. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kukwera kwa mitengo. Mu 2021 kunapitirira 20 peresenti. Ngati bondi ya makwacha inakupatsani zochepera pamenepo, mapepala amaonetsa phindu, koma thumba la ufa limene munkagula silikugulikanso.

Ndiye bambowo auzeni chonchi. Ndalama ya lendi kapena ya koleji yanu chaka chamawa isayandikire thumba la mkuwa. Mabondi a nthawi yaifupi ndiwo oyenera. Ndalama ya m'thumba la mkuwa ikhale yochepa, imene angaiiwale zaka khumi osagona ndi njala.

Ndipo asanapereke ngakhale ngwee, afunse woyang'anira thumbalo chiphaso cha Securities and Exchange Commission. Wopanda chiphasocho amusiye pa geti.