Phunziro: Mawu a Chingerezi onena za kuphwanya zinthu



Matumba a chakudya cha nkhuku ndi nsomba, mapaketi a mankhwala ndiponso timapepala ta alangizi, zambiri zimalembedwa m'Chingerezi. Tikaitana mwana wa sukulu kuti atiwerengere, iye amangoti, "Akuti muphwanye." Koma kuphwanya kwake kotani? Ife tomwe timasiyanitsa kukonola, kusinja, kupera ndi kunyenya. Mayi wotumidwa kukonola chimanga akabwera ndi ufa, ntchito yalakwika basi. Chingerezi nachonso chimasiyanitsa, ndipo kusiyanako kwagona pa kukula kwa tizidutswa totsalato. Tiyeni tiyambire pa zazikulu, titsikire ku ufa.

Chop ndi kuduladula ndi mpeni, chikwanje kapena nkhwangwa. Zidutswa zake zimaoneka bwinobwino. Popanga manyowa, pepala likati chop maize stalks, akunena kuti tiduledule mapesi. Phesi lathunthu limachedwa kuola, koma loduladula chinyontho chimalilowa msanga.

Shred ndi kucheka kapena kung'amba motalika koma mopyapyala, monga amayi amachekera kabichi kapena mpiru.

Crush ndi kutswanya ndi mphamvu, popsinja kapena pomenya ndi chinthu cholemera. Chinthucho chimasweka koma sichifika pa ufa. Apa chenjerani, alimi a mtedza. Ife timati kuswa mtedza, koma m'Chingerezi kuchotsa makoko ndi shell, osati crush. Wogula akalemba kuti akufuna shelled groundnuts, akufuna njere zathunthu zopanda makoko. Njere zosweka amazitcha broken kapena split. Mtengo wake umatsika, komanso chuku chimalowa msanga m'njere yovulala.

Crumble ndi kunyenya chinthu chouma ndi zala mpaka chisanduke nyenyeswa, monga timachitira ndi chibuma cha dothi pokonza nazale ya tomato. Pa thumba la chakudya mawu a crumble kapena crumbs akutanthauza timibulu tonyenya. Pellets ndi timibulu tathunthu, pomwe mash ndi chakudya cha ufaufa. Anapiye ndi tiana ta makumba kapena chilunguni kukamwa n'kochepa. Mukawagulira ma pellets aakulu, tinsombato timalephera kumeza, chakudyacho chimakathera pansi pa damu n'kuola, madzi n'kuipa. Ndalama zapita, nsomba sizinakule.

Pound ndi kusinja mumtondo ndi munsi. Mawu omwewa ndi dzinanso la ndalama ya ku Britain, koma pa pepala la ulimi ganizani za mtondo.

Grind ndi kupera pa mphero kapena kugayitsa ku chigayo mpaka ufa. Mawu awa ali ndi msampha. Chinthu chikaperedwa kale sanena kuti grinded, amati ground, ndipo ground yemweyo ndi nthaka. Tsono ground maize si chimanga chotola pansi ayi, ndi chimanga chogaya. Pomwe mu groundnut, ground uja ndi nthakadi, chifukwa mtedza umabereka pansi. Chimodzimodzi meal. Ku sukulu amaphunzitsa kuti ndi chakudya, koma fish meal ndi ufa wa nsomba zouma, monga usipa wopera wosakaniza m'chakudya cha nkhuku, ndipo maize meal ndi ufa wa chimanga.

Pali mawu ena otchula kukula kwa chinthu chomwe mwagula. Granules ndi timibulu, monga feteleza wa Urea, uja wa nayitirojeni magawo 46 pa 100. Powder ndi ufa. Dust ndi fumbi, koma pa paketi ya Actellic akunena mankhwala a ufa osakaniza ndi chimanga chouma.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: musanayang'ane mawu a kuphwanyawo, yang'anani ngati patsogolo pake pali do not. Amenewo ndi mawu oletsa. Do not crush, musatswanye. Do not chew, musatafune. Mapiritsi ena a kuchipatala anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Mukawapera kuti agogo kapena mwana amwere m'phala, mankhwala onse amalowa nthawi imodzi ndipo angathe kupweteka munthu. Funsani adokotala kaye. Mapiritsi ofukizira chimanga aja, a aluminium phosphide, amatulutsa mpweya wakupha akakumana ndi chinyontho. Amenewo si onyenya ndi manja, ndiponso si oika m'nyumba yogona anthu.

Abale anga, chuma chomwe Allah watipatsa ndi amana, thupi nalonso ndi amana. Chisilamu chimatiletsa kusakaza, ndipo thumba la chakudya loolera m'damu chifukwa chosamvetsa mawu amodzi ndi kusakaza ndithu. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu.

Nayi ntchito ya sabata ino. Lembani mawu asanu ndi amodzi aja, chop, shred, crush, crumble, pound ndi grind, pa chikatoni, pambali pake mulembe Chichewa chake, mupachike pomwe mumasungira zipangizo. Mwana akadzati "akuti muphwanye", muuzeni aloze mawuwo ndi chala. Lachisanu tikatha Jumu'ah, wokhala ndi thumba kapena paketi yomuvuta abwere nayo, tiwerengere limodzi, Insha Allah.

Allah adalitse minda yathu ndi maukonde athu. Ameen.