Phunziro la Zaumoyo: Mowa ndi Mtima

Amayi anzathu, tikamakamba za mowa timathamangira kunena za ndalama zothera ku bala ndi ndewu za usiku. Lero tione chiwalo chimene chimavutika mwakachetechete, ndicho mtima.

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Mowa womwa tsiku ndi tsiku, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo, umakweza BP. Tsoka lake, BP kawirikawiri siimveka kuwawa. Munthu amalima bwinobwino mpaka tsiku limene mtsempha wa mu ubongo waphulika, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Pamenepo abale amayamba kuloza chala agogo osalakwa kuti ndiwo alodza.

Zaka zikamapita, mnofu wa mtima umatanuka n'kulefuka ngati lasitiki yakale, osathanso kupopa bwino magazi. Zizindikiro zake timayamba kuziona ndife a m'nyumba. Bambo akupuma wefuwefu pokwera kamtunda kochepa. Mapazi atupa, nsapato zikukana. Usiku akufuna mapilo awiri kapena atatu chifukwa akagona chagada akubanika. Tisathamangire kunena kuti ndi ukalamba.

Ngakhale kumwa kwambiri tsiku limodzi, monga pa ukwati, kungasokoneze kagundidwe ka mtima. Zikatero magazi angathe kuundana mu mtima, ndipo akakatseka mtsempha wa mu ubongo, ndi sitiroko imeneyo.

Ena tinamvapo kuti kapu ya vinyo imalimbitsa mtima. Mu 2022 bungwe la World Heart Federation linanena kuti palibe mlingo wa mowa wothandiza mtima. Ndipo tisamangoyang'ana abambo okha, pakuti mowa wochepa umavulaza thupi la mkazi msanga kuposa la mwamuna.

Munthu akasiya mowa BP imatsika, ndipo nthawi zambiri mtima wolefuka umapezako mphamvu. Koma amene wazolowera kumwa kwambiri asasiye mwadzidzidzi ali yekha, chifukwa angayambe kunjenjemera ngakhale kukomoka. Timuperekeze kuchipatala, akamuyeze BP ndi kumuthandiza kasiyidwe kake. Nkhani yotere tiyambe m'mawa munthu ali bwinobwino, osati usiku ataledzera.

Tikambirane: ndani mwa ife, kapena m'nyumba mwathu, amene wayezetsa BP chaka chino?