Kamera Yaikulu Yatchipa, Kam'thumba Kadula

Woulutsa: Sabata ino makalata ambiri akukamba za makamera, ndiye tawaitana a katswiri athu ojambula zithunzi. Bambo, kalata yoyamba yachokera kwa mlimi wa fodya wa ku Mualadzi. Akuti: "Ndagulitsa fodya, ndipo ndikufuna kumugulira mwana wanga kamera kuti azijambula m'maukwati. Ku Tete ndapeza kamera yaikulu ija yosintha mandala ili yotchipa kuposa kakang'ono kolowa m'thumba. Kodi akufuna kundipusitsa?"

Katswiri: Zikomo achimwene. Bambo athu a ku Mualadzi, mtima m'malo. Zimene mwaonazo zikuchitika dziko lonse. Kamera yaikuluyo timaitcha DSLR. M'kati mwake muli kagalasi kamene kamatumiza chithunzi kudiso lanu, ndipo mukadina batani kamanyamuka, n'chifukwa chake imalira kuti khatcha! Kale inali makamaka ya atolankhani. Mu 1999 Nikon D1 inkagulidwa madola a ku America oposa 5,000. Mu 2003 a Canon anatulutsa EOS 300D, imene pamodzi ndi mandala ake sinkafika madola 1,000, ndipo apa m'pamene mpanda unagwera. Pofika 2006 Nikon D40 inali pa madola pafupifupi 600, ndipo mu 2018 D3500 inatsikira kufupi ndi 500.

Tsono timakamera ta m'thumba tinaphedwa ndi foni imene ili m'manja mwanumo. Bungwe la opanga makamera ku Japan, CIPA, linawerengera kuti mu 2010 makampani anatumiza kumisika makamera pafupifupi 121 miliyoni. Mu 2023 sanafike ndi 8 miliyoni omwe. Ambiri mwa amene anasowawo anali aang'ono otchipa aja. Aang'ono otsala lero ndi a anthu andalama: Fujifilm X100VI ya 2024 inayambira pa madola pafupifupi 1,600. Kuwonjezera apo, achinyamata a pa TikTok ayambanso kulimbirana timakamera takale, ati zithunzi zake n'zosangalatsa, mitengo n'kukwera. Fashoni, achimwene, ilibe chifundo.

Woulutsa: Nanga yaikuluyo yatchipiranji?

Katswiri: Eni ake akuithawa. Kuyambira 2018 a Canon ndi a Nikon anaika mtima pa makamera opanda kagalasi kaja, otchedwa mirrorless, ndipo D3500 yomwe ija anasiya kuipanga. Ojambula a m'mizinda ikuluikulu akugulitsa ma DSLR awo kuti agule zatsopanozo, ndiye ogwiritsidwapo kale ntchito achuluka pamsika. Kamera yosiyidwa chifukwa cha fashoni sinaiwale kujambula ayi. Koma bambo, musanapereke ma metical anu, pitani ndi mwanayo ndipo chitani izi. Funsani kuti yajambula kangati chiigulireni. Nambalayo imasungika m'kamera, ndipo makamera a oyamba kumene ambiri anapangidwa kuti chotsekera kuwala chake chipirire maulendo pafupifupi 100,000. Jambulani khoma loyera kapena thambo, mukulitse chithunzicho: mukaona timadontho takuda pamalo amodzimodzi m'zithunzi zonse, fumbi lalowa. Kenako chotsani mandala, muwaunike ndi tochi ya foni. Mukaona tizingwe toyera tokhala ngati ukonde wa kangaude, ndi chuku chimenecho, asiyeni. Wogulitsa akakana kuti muyese, tsanzikanani bwinobwino.

Woulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mayi mphunzitsi wa ku Nsadzu. Akuti: "Foni yanga yalembedwa mamegapikiselo 50, pomwe kamera ya mlamu wanga ili ndi 24 okha. Iye amati yake ndiyo yoposa. Ndani akunena zoona?"

Katswiri: Amayi, pepani, alamu anu apambana mlanduwu. Nambala ija ndi nyambo ya otsatsa malonda. Chofunika ndi kukula kwa kachipangizo kolandira kuwala, kamene timati sensa. Ya mu DSLR ya oyamba kumene imakhala pafupifupi mamilimita 23 m'litali ndi 15 m'lifupi, pomwe ya m'timakamera tambiri ta m'thumba ndi 6 kwa 4 ndi theka. Ndiye kuti yaikuluyo imaposa inzake maulendo oposa khumi, ndipo mafoni ambiri otchipa ali kufupi ndi yaing'onoyo. Mvula ikamagwa, wotchera beseni ndi wotchera kapu sapeza madzi ofanana. Masana pabwalo la sukulu simuona kusiyana kwenikweni. Koma lowani m'tchalitchi cha mawindo aang'ono, kapena jambulani ovina madzulo dzuwa litapendeka, foni imatulutsa nkhope zosaoneka bwino. Komabe amayi, ngati cholinga chanu n'kujambula ana asukulu ndi kutumiza pa WhatsApp, musataye ndalama. Foni yanu ikukwanira, ndipo DSLR ingokhala katundu wolemetsa khosi.

Woulutsa: Mnyamata wina wa ku Cassacatiza akuti kwawo kulibe magetsi, amatchaja ndi sola. Akufunsa ngati angakwanitse bizinesi yojambula.

Katswiri: Apa m'pamene DSLR imawala, mng'ono wanga. Popeza umayang'ana kudzera m'kagalasi, osati pa sikirini, batire limakhalitsa. La D3500, poyesedwa ndi muyezo wa CIPA, limafika zithunzi zoposa 1,500 ukatchaja kamodzi, pomwe timakamera ta m'thumba tambiri timathera pa 200 kapena 300. Chinkhoswe, ukwati ndi madyerero ake, batire limodzi. Koma dziwa kuti ma DSLR ambiri akale satchajidwa ndi chingwe cha foni. Amafuna tchaja yakeyake, choncho sola yako ikhale ndi inveta, kapena ugule tchaja ya USB yolowa batire limenelo.

Ndipo ndikuuze mosabisa, mtengo wa kamera ndi chiyambi chabe. Pakufunika batire lachiwiri, mamemori khadi awiri, chikwama chotseka bwino, ndi njira yotsukira zithunzi. Agogo sakulipira chithunzi chimene chili m'kamera mwako, akufuna chogwira m'manja, chokapachika pakhoma. Kupita nazo ku Tete kapena kuwoloka malire kukatsukitsa ku Katete kungadye phindu lonse. Ambiri amagula kapulinta kakang'ono ngati Canon Selphy, kotulutsa zithunzi za masentimita 10 kwa 15 pomwepo. Usanagule, funsa mtengo wa mapepala ndi inki yake, uwerengere kuti chithunzi chimodzi chikudyera zingati, ndiye uike mtengo wako. Ukagula Nikon ya gulu la D3000 kapena D5000, onetsetsa kuti mandala alembedwa AF-S, chifukwa akale otchipa aja salunjika okha pa makamera amenewa. Za fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, lamulo ndi limodzi: usasinthe mandala panja, ndipo pa njinga yamoto kamera ikhale m'chikwama. Nthawi ya dzinja ika timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Woulutsa: Yomaliza, nthawi yatithera. Wina akufuna kukajambula Gule Wamkulu, komanso akonzekera ulendo wa ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti.

Katswiri: Kumeneko mandala wamba a 18-55 sakwanira, popeza simungayandikire bwalo. Pezani a 55-200 kapena 70-300, ogwiritsidwapo kale ndi otchipa. Ikani liwiro la chotsekera pa 1/500 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo, apo ayi miyendo ya gule isanduka utsi. Koma kamera isakuchititseni mwano. Yambani mwapempha kwa anyakwawa ndi akuluakulu a mwambo, ndipo akakana, bwezerani kamera m'chikwama. Kudambwe musalozeko mandala ngakhale muli patali chotani. Ndipo podutsa pa Cassacatiza kupita ku Chanida tengani lisiti la kamera yanu, kuti pobwerera asaiyese katundu watsopano.

Woulutsa: Amene munafunsa za kujambula vidiyo ya maliro, makalata anu tiwawerenga sabata yamawa.