Moto wa Gasi Umafuna Mpweya: Musatseke Zibowo za M'khoma

Mabanja ambiri masiku ano akuphikira gasi, ndipo ena ali ndi giza ya gasi yotenthetsera madzi m'kachipinda kochapira. Gasi safuka ngati nkhuni, koma moto wake umadya mpweya wambiri. Muyeso umodzi wa gasi umafuna miyeso yoposa 20 ya mpweya kuti uyake bwino. Mpweya wodyedwawo uyenera kubwezeredwa kuchokera panja.

Choopsa n'chiyani?

Mpweya ukachepa m'chipinda, motowo umatulutsa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Poizoniyu saoneka ndipo sanunkha. Akalowa m'thupi amakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Munthu wogona akhoza kutsamira mkono osadzidzimuka n'komwe.

Zibowo ziwiri

Chipinda chilichonse choyakamo gasi chikhale ndi zibowo ziwiri zotulukira panja. China chikhale m'munsi pafupi ndi pansi, cholowetsa mpweya wabwino. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamathawa amadikha pansi, ndipo chibowochi chimamupatsa njira. China chikhale m'mwamba pafupi ndi denga, chotulutsa mpweya wotentha. Kukula kwake kumatengera mphamvu ya chipangizo chanu, choncho funsani mmisiri wodziwa za gasi.

Chaka chilichonse mu Juni ndi Julaye anthu amatseka zibowo ndi nsanza kapena makatoni poopa mphepo. Musatero. Ngati vuto ndi udzudzu kapena makoswe, ikani sefa ya waya, ndipo muzichotsa fumbi ndi akangaude. Musatsamiritse matumba a chimanga kapena kabati pachibowo.

Yang'anani lawi

Lawi labwino ndi labuluu. Likakhala lachikasu, mapoto n'kumada mwaye kunsi, kapena mawindo n'kumachita thukuta kwambiri, zimitsani ndipo muitane mmisiri.

Mverani thupi

Zizindikiro za poizoni wa carbon monoxide ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi tulo tachilendo. Ngati anthu angapo adwala nthawi imodzi, n'kumapezako bwino akatuluka panja, musafulumire kunena kuti ndi malungo. Tsekani gasi, tsegulani zitseko, tulutsani aliyense, ndipo thamangirani kuchipatala. Mukauze adokotala kuti munali m'chipinda choyakamo gasi.

Musaothere chitofu cha gasi, ndipo musagone m'chipinda momwe chikuyaka. Lero lomwe, kaoneni ngati zibowo za m'nyumba mwanu zili zotsegula.