Masipanala Oyamba a Mlimi Wophunzira Kukonza Galimoto

Inu amene muli pa maphunziro ndi inu amene munatsiriza kale, phunziro la mwezi uno lachokera m'kalata ya mmodzi wa inu. Chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene boma linalengeza mu Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinapsereza chimanga cha mbale wathuyu monga chinachitira m'minda yambiri ya Chigawo cha Kumwera. Iye anapita kukakhala kwa amalume ake ku Highlands, m'tauni ya Livingstone, ndipo kumeneko akuphunzira kukonza galimoto kwa makanika wina wachikulire amene amagwirira ntchito pabwalo la nyumba yake. Munda sanautaye. Cholinga chake n'chakuti akabwerera kumudzi azitha kudzikonzera pampu yothiririra dimba, kuthandiza a chigayo, ndi kupezako kandalama pa magalimoto odutsa. Tsopano wagulitsa mbuzi ziwiri kuti agule zipangizo zakezake, ndipo wafika pamphambano. M'sitolo ina waona bokosi lalikulu lonyezimira, lodzaza zitsulo zoposa zana limodzi, la dzina limene sanalimvepo. M'sitolo ina ndalama yomweyo ikungokwana masipanala owerengeka a Gedore. Akufunsa kuti agule dzina liti.

Yankho lathu n'lakuti funso la dzina ndi lachiwiri. Loyamba n'lakuti: kodi mabawuti amene mudzakhala mukumasula ndi a misinkhu yanji?

Tauni ya Livingstone yomweyo imatiphunzitsa zimenezi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kunali fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, kumene ankalumikiza magalimoto a Fiat. Makanika amene anakulira pa magalimoto a ku Ulaya, mukatsegula bokosi lake, mudzapeza kuti sipanala ya 13 ndi imene inafufutika kwambiri, chifukwa amisiri a ku Ulaya amakonda mitu ya mabawuti ya mamilimita 10, 13, 17 ndi 19. Koma taimani lero m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya muwerenge zodutsa. Ma taxi, ma minibasi ndi timalole tonyamula ndiwo kupita kumsika wa Maramba, zambiri ndi zakale zochokera ku Japan, ndipo a ku Japan ali ndi muyeso wawo: 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Pa Toyota Corolla mukhoza kugwira ntchito tsiku lonse osaikhudza sipanala ya 13. Nati ya pa batire ndi ya 10, bawuti yotulutsira oyilo pansi pa injini ndi ya 14, ndipo manati a matayala ndi a 21. Ndiye chifukwa chake bokosi la zitsulo zana limodzi limanyenga. Mumalipira zana, koma zimene mudzagwira m'manja tsiku ndi tsiku sizifika khumi, ndipo khumi zomwezo ndi zimene zidzayambe kuphwanyika.

Kwa ife alimi nkhaniyi ili ndi mchira wina. Mathirakitala akale, monga Massey Ferguson 135, ndi ma Land Rover akale amene akuyendabe m'mafamu ndi m'mamishoni, ali ndi mabawuti oyezedwa m'mainchesi. Theka la inchi ndi mamilimita 12.7. Sipanala ya 13 imalowa pamutu wotere, koma imakhala ndi kampata, ndipo mukakoka mwamphamvu imadya ngodya za mutuwo mpaka usanduke wobulungira ngati nsawawa. Mwayi ulipo pa misinkhu ingapo: 19 imagwira bwino pamutu wa magawo atatu mwa anayi a inchi, ndipo 16 imagwira pa magawo asanu mwa asanu ndi atatu. Pa ina yonse musayerekeze. Musanalowe m'sitolo, zungulirani pakhomo, muone pampu, njinga yamoto, ngolo, chigayo cha pafupi ndi galimoto imene mukuphunzirirapo, mulembe misinkhu yake papepala. Pepala limenelo ndi limene liyenera kulamula chikwama chanu.

Tsopano tinene za mayina, poti ndi zimene mbale wathu wafunsa. Gedore ndi kampani ya ku Germany imene inayamba mu 1919 mumzinda wa Remscheid, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikusula zipangizo ku South Africa, pafupi ndi Durban. N'chifukwa chake amakanika a kuno kummwera kwa Africa amaidziwa bwino, ndipo ambiri a iwo akugwiritsabe ntchito masipanala amene anawasiyira makolo awo. Snap-on ya ku America, imene inayamba mu 1920, ndi yotchuka padziko lonse, koma mtengo wake ndi wa anthu amene galaja yawo imadzaza tsiku lililonse, ndipo wophunzira angoimva m'nkhani. Pakati pali mayina a ku Taiwan monga King Tony ndi Force, amene amisiri ambiri amakhutira nawo. M'munsi mwake muli Ingco, Total ndi Tolsen, zopangidwa ku China, zimene zadzaza m'masitolo a zitsulo m'zaka zapitazi pamtengo umene mlimi angaufike. Sitikunyoza gulu lomalizali. Nyundo, chopanira, chodulira waya, burashi yachitsulo ndi bokosi losungiramo, gulani za mtengo wotsika ndipo zidzakutumikirani.

Pamene sitifuna kuti muumire ndi pa zitsulo zimene zimakumbatira mutu wa bawuti. Sipanala yabwino imasiyana ndi yoipa pa zinthu ziwiri zimene diso silingaone m'sitolo: kulondola kwa muyeso wa kukamwa kwake, ndi mmene chitsulocho anachiwotchera ndi kuchizizira kuti chilimbe. Yofewa imayasama pang'onopang'ono, moti ya 12 imayamba kukhala ngati ya 12 ndi theka mwini wake osadziwa. Youma mopitirira imathyoka mwadzidzidzi, ndipo dzanja limakagunda pa injini. Sipanala ikafa mwataya ndalama yochepa, koma chimene imasiya m'mbuyo ndi chokwera mtengo. Ife tomwe tinaonapo zimenezi pano, pamene sipanala yopanda dzina inabulungiza bawuti imodzi pa injini ya pampu m'mwezi wa Okutobala. Panapita masiku atatu tikufunafuna munthu wowotcherera kuti ailumikize ndi nati ina, ndipo mbande za tomato zinafota tikuziona. Kwa wophunzira amene wabulungiza bawuti pa galimoto ya munthu wina, chimene chimafota ndi mbiri yake, ndipo m'dera ngati Highlands, mmene eni magalimoto amauzana za amakanika pa tchalitchi ndi pa maliro, mbiri siichedwa kuyenda.

Choncho uphungu wathu kwa mbale wa mbuzi ziwiri ndi uwu. Asiye bokosi lonyezimira. Agule masipanala asanu kapena asanu ndi limodzi, a mtundu wa mbali ina yotseguka ndi mbali ina yozungulira, pa misinkhu ya 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, a dzina labwino koposa limene ndalama yake ingafike. Ngati Gedore yakana, King Tony kapena Force si manyazi. Ya 13 adzaionjezere pambuyo, chifukwa mabawuti ogula m'sitolo, amene timamangira ngolo, mapulawo ndi zipata, kawirikawiri amafuna imeneyo. Ndalama yotsala apite nayo pa masoketi a misinkhu yomweyo, kuphatikizapo 21 ya matayala, okhala ndi chogwirira cha theka la inchi, chimene chimapirira ntchito ya pa famu kuposa chaching'ono.

Pa masoketi tidikire pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwa. Mukasuzumira m'kati mwa soketi mudzaona ngodya zisanu ndi imodzi kapena khumi ndi ziwiri. Ya ngodya khumi ndi ziwiri imalowa msanga pamalo opanikizika, koma imagwira bawuti pansonga penipeni pa ngodya zake. Ya ngodya zisanu ndi imodzi imakumbatira mbali zonse zafulati, ndipo pa bawuti ya dzimbiri, imene yamwa madzi a dimba ndi fumbi la zaka khumi, imeneyi ndiyo yofunika. Soketi ya dzina la pakati yokhala ndi ngodya zisanu ndi imodzi idzakupulumutsani kawirikawiri kuposa ya dzina lalikulu yokhala ndi khumi ndi ziwiri. Chogwirira cha mano, chimene m'magalaja amachitcha ratchet, n'chofulumizitsa ntchito, osati choyambira kumasula bawuti yokakamira. Mano ake ndi aang'ono, ndipo mukachivala paipi kuti chitalike, mwachipha, chikhale cha dzina lotani. Gulani mkono wautali wopanda mano, umene ndi wotsika mtengo, muyambe ndi umenewo. Ndipo masoketi onyezimira musawaike pa makina omasulira matayala ndi mphepo, chifukwa amatha kuphulika. A ntchito imeneyo amakhala akuda ndi okhuthala.

Sipanala yosinthasintha kukamwa, imene tonse timaikonda chifukwa imaoneka ngati yalowa m'malo mwa khumi, ndi bobojani mnzake, zisungireni mapaipi a madzi. Pa injini ndi zimene zadya mitu ya mabawuti yochuluka kuposa chida china chilichonse.

Mawu akuti Chrome Vanadium olembedwa pa sipanala amangotchula mtundu wa chitsulo, ndipo aliyense angawadinde. Mawu akuti Germany nawonso sakwanira, chifukwa zachinyengo zovala mayina otchuka zilipo zambiri. Chitani izi: tengani m'thumba bawuti yatsopano ya mutu wa 12 kapena 14, muiyeze m'sitolo momwemo. Sipanala yabwino imalowa mosavuta koma siigwedera. Pitirizani chala m'kati mwa kukamwa kwake mumve ngati muli mosalala, ndipo onani ngati dzina ndi nambala zadindidwa mozama m'chitsulo, osati kupakidwa utoto. Funsani wogulitsa ngati amagulitsa imodziimodzi, chifukwa soketi ya 10 idzasowa ndithu, monga imasowera kwa makanika aliyense pansi pano, ndipo simungagule bokosi lonse chifukwa cha iyo. Landirani lisiti. Zipangizo zakale za pamsika nazo musazipeputse, poti sipanala yabwino ya zaka makumi atatu imaposa yatsopano yofewa. Koma mukaona kuti pamene panali dzina la mwini wake pafufutidwa ndi tupa, ibwezeni pansi. Mkhristu sayamba ntchito ndi misozi ya mmisiri mnzake.

Pali chinthu china chimene sichinali m'kalata ya mbale wathu, koma ife tikuchiika patsogolo pa masoketi. Jeke ndi chida chonyamulira galimoto, osati chousungira m'mwamba munthu ali pansi pake. Musalowe pansi pa galimoto popanda miyendo iwiri yachitsulo yoikhazikapo, imene amaitcha axle stand, yolembedwa kulemera kumene ingasenze. Njerwa zimaphwanyika osachenjeza. Dothi la ku Livingstone ndi lamchenga, moti jeke ndi miyendoyo zimamira kapena kupendekeka, choncho ikani thabwa lochindikala pansi pake, ndipo tsekerezani matayala otsala ndi miyala kapena zipika. Tayala limene mwachotsa lilowetseni pansi pa galimoto ngati mlonda wachiwiri. Ngati ndalama ya mbuzi siikwana zonse, masoketi adikire zokolola, miyendoyi isadikire.

Zida zodula zimene zimafunika mwa apo ndi apo, monga sipanala yoyezera mphamvu ya kumanga, wophunzira angabwereke kwa mphunzitsi wake. Ntchito yake aidziwe ndithu: manati a tayala la Corolla amafuna 103 Nm, ndipo amene amawapondereza ndi phazi amathyola mabawuti ake. Koma kubwereka kuli ndi katundu wake. Mukumbukira nkhani ya mu 2 Mafumu chaputala 6, ya mmodzi wa ana a aneneri amene nkhwangwa yake inaguluka n'kugwera mu Yordano, ndipo chimene chinamuliza kwambiri chinali chakuti inali yobwereka. Iye anali ndi Elisa pafupi. Inu lamulo lanu likhale lakuti chida chimene mwabwereka katatu m'mwezi umodzi chalowa pa mndandanda wa zogula, ndipo chobwereka chibwerere tsiku lomwelo, chopukutidwa.

Kwa amene mukufuna kupitirira pa kuphunzira kwa pabwalo, ku Livingstone komweko kuli sukulu ya LIBES, yolembetsedwa ku TEVETA, imene imaphunzitsa ntchito zamanja, ndipo masipanala amene mwasankha bwino lero adzapita nanu kumeneko. Nonsenu, mukangogula, dindani chizindikiro chanu pa chida chilichonse, kapena pakani utoto wa mtundu umodzi pachogwirira. Sokani kansalu kolimba ka matumba, thumba limodzi sipanala imodzi, kuti madzulo thumba lopanda kanthu likuuzeni kuti ya 10 yatsalira pa batire galimoto isanachoke. Zipukuteni ndi kansanza ka oyilo, ndipo musazisunge m'chipinda chimodzi ndi feteleza, chifukwa amakoka chinyezi n'kudzetsa dzimbiri msanga. Amene muli pa maphunziro, bwerani ku phunziro lotsatira la makina ndi pepala lanu la misinkhu. Tidzayamba ndi kuyeza mabawuti a pampu ya kudimba.